Mmene Mungapangire Seketi Yoyang'anira Pampu ya Madzi ndi Truth Table komanso Decoder

Kuno ku Mangochi mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa limaswa mtengo ndipo zitsime za kumtunda, kutali ndi nyanja ndi mtsinje wa Shire, zimayamba kutsika. Amene anaika pampu yoyendera sola pakhomo, pasukulu kapena kudimba, kaya ndi ku Namwera kaya ku Nankumba, amadziwa kuti imeneyi ndi nyengo yoopsa kwa pampu. Pampu yomiza m'chitsime imazizira ndi madzi omwe ikupopawo, ndiye madzi akaphwa iyo n'kumangozungulirabe, imatentha mpaka kupsa. Batire nalo likamakokedwa mpaka kutheratu tsiku ndi tsiku silikhalitsa. Pamwamba pa izi pali thanki yosefukira chifukwa woyenera kuzimitsa pampu wapita kumsika.

Mavuto atatuwa angathetsedwe ndi kaseketi kamodzi kosafuna pulogalamu ya kompyuta: ma IC awiri (tizipangizo tating'ono ta miyendo yambiri, tokhala ndi seketi m'kati mwake), nyali zitatu ndi relay, imene ndi swichi yoyatsidwa ndi magetsi. Seketi yotere imatchedwa combinational, chifukwa chimene ikutulutsa panopa chimadalira zokhazo zimene zikulowa panopa. Sisunga m'mutu zimene zinachitika mphindi yapitayo. Pali njira zingapo zoipangira, koma ine ndimakonda yogwiritsa ntchito IC yotchedwa decoder, makamaka kwa munthu amene akuyamba kumene. Mu njira imeneyi kuganiza konse kumathera papepala, m'tebulo lotchedwa truth table, ndipo kulumikiza mawaya kumangokhala kukopera zimene tebulolo likunena. Tebulo likakhala lolondola, seketi imakhalanso yolondola.

Choyamba: lembani mafunso amene seketi iziyankha

Musanagwire waya aliyense, tengani kope n'kulemba zinthu zimene seketi iyenera kudziwa. Chilichonse chikhale funso loyankhidwa ndi inde kapena ayi. Inde tizilemba 1, ndipo pa seketi ndi magetsi a 5V. Ayi tizilemba 0, kutanthauza 0V. Pa nkhani yathu mafunso alipo atatu:

C: Kodi thanki ikufuna madzi?
B: Kodi m'chitsime muli madzi okwanira?
A: Kodi batire lili ndi mphamvu zokwanira?

Zilembozi ndazitenga pa miyendo ya decoder imene tigwiritse ntchito, kuti tisadzasokonezeke kutsogolo. A akakhala 1 amawerengedwa 1, B amawerengedwa 2, C amawerengedwa 4. Mukaphatikiza mumapeza nambala ya mzere m'tebulo. Mwachitsanzo, thanki ikufuna madzi, chitsime chauma, batire lili bwino: C ndi 1, B ndi 0, A ndi 1, ndiye 4 kuphatikiza 0 kuphatikiza 1 ndi mzere wa 5.

Taonani mmene mafunso afunsidwira, chifukwa pamenepa pali nzeru imene ambiri amaidumpha. Ndikanatha kufunsa kuti "Kodi chitsime chauma?" ndipo masamu akanayendabe. Koma waya wochokera kuchitsime ndi wautali, amadutsa m'nthaka momwe muli chiswe ndi makoswe, ndiponso momwe khasu limadutsa nthawi yolima. Tsiku lina adzaduka. Mu seketi yathu waya woduka amawerengedwa 0. Ndiye funso lililonse lifunsidwe mwakuti 0 ndiye yankho loimitsa pampu. Waya wa kuchitsime akaduka, seketi iganize kuti madzi mulibe, pampu iime. Kukhala tsiku limodzi opanda madzi m'thanki n'kopepuka kusiyana ndi kugula pampu yatsopano.

Kenako lembani zimene seketi izitulutsa. Ife tili ndi zinayi: pampu, nyali yobiriwira yosonyeza kuti zonse zili bwino, yachikasu yochenjeza kuti vuto likubwera, ndi yofiira yonena kuti madzi akufunika koma sangapopedwe.

Chachiwiri: dzazani truth table, mzere ndi mzere

Mafunso atatu a inde kapena ayi amapereka mizere 8, chifukwa 2 kuchulukitsa 2 kuchulukitsa 2 ndi 8. Anayi amapereka 16, asanu 32. Lembani mizere yonse, kuyambira 0 mpaka 7, osasiyako ngakhale umodzi umene mukuganiza kuti sungachitike.

| Mzere | C | B | A | Pampu | Yobiriwira | Yachikasu | Yofiira |
|---|---|---|---|---|---|---|---|
| 0 | 0 | 0 | 0 | 0 | 0 | 1 | 0 |
| 1 | 0 | 0 | 1 | 0 | 0 | 1 | 0 |
| 2 | 0 | 1 | 0 | 0 | 1 | 0 | 0 |
| 3 | 0 | 1 | 1 | 0 | 1 | 0 | 0 |
| 4 | 1 | 0 | 0 | 0 | 0 | 0 | 1 |
| 5 | 1 | 0 | 1 | 0 | 0 | 0 | 1 |
| 6 | 1 | 1 | 0 | 0 | 0 | 0 | 1 |
| 7 | 1 | 1 | 1 | 1 | 1 | 0 | 0 |

Tebuloli musalidzaze nokha ngati seketi mukupangira munthu wina. Khalani pansi ndi mwini pampu, kapena mayi amene amatunga madziwo tsiku lililonse, n'kuwerenga mzere uliwonse m'mawu wamba. "Amayi, thanki ikakhala yodzaza koma chitsime chauma, mukufuna mudziwe kapena ayi?" Mayankho awo ndi amene amalowa m'tebulo.

Mizere ina siivuta. Wa 7 ndi wokhawo umene pampu ikuyenda, poti thanki ikufuna madzi, madzi alipo, mphamvu ilipo. Wa 3 ndi mtendere wokhawokha. Wa 5 ndiwo umapha mapampu: thanki ikuitana, batire lili ndi mphamvu, koma pansi palibe madzi. Munthu wongolumikiza pampu ku swichi ya m'thanki yokha amakumana ndi tsoka pa mzere umenewu.

Mzere wa 2 ndi umene anthu amasiyana maganizo. Thanki ndi yodzaza, chitsime chili ndi madzi, koma batire lafooka. Wina anganene kuti iyake nyali yachikasu. Ine ndaika yobiriwira, chifukwa batire kufooka m'bandakucha kapena pa tsiku la mitambo la mu Januwale si zachilendo, ndipo madzi m'thanki alimo. Nyali yochenjeza ikamayaka m'mawa uliwonse popanda vuto lenileni, anthu a pakhomo amaizolowera, moti tsiku limene chitsime chaumadi palibe amene amaicheukira. Komabe kwa amene batire lomwelo limayatsanso firiji yosungira nsomba, nkhani ndi ina, ndipo akhoza kusankha yachikasu. Chofunika n'chakuti chisankhocho chipangidwe mwadala, chilembedwe.

Mukamaliza, yang'anani mzere uliwonse chopingasa. Pa nyali zitatuzo payenera kukhala 1 mmodzi yekha. Mukapeza mzere wopanda nyali kapena wokhala ndi ziwiri, mwalakwitsa penapake. Tsopano lembani mwachidule mizere imene chotuluka chilichonse chili ndi 1. Pampu: 7. Yobiriwira: 2, 3, 7. Yachikasu: 0, 1. Yofiira: 4, 5, 6. Amene anaphunzira izi ku MUBAS kapena m'makoleji a ntchito zamanja adzazindikira kuti awa ndi ma minterm. Manambala amenewa ndiwo pulani yonse ya mawaya.

Chachitatu: mvetsani zimene decoder imachita

IC imene tikufuna ndi 74HC138, decoder ya zolowa 3 ndi zotuluka 8. Zotulukazo zimatchedwa Y0 mpaka Y7, ndipo chilichonse chikuimira mzere umodzi wa tebulo lathu. Imagwira ntchito ngati mphunzitsi woitana mayina m'kalasi ya ana 8: akaitana nambala 5, mwana wa nambala 5 yekha ndiye amayankha, ena onse ali phee. Mukaika 1, 0, 1 pa C, B, A, mwendo wa Y5 wokha ndiwo umasintha.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza oyamba kumene. Mwendo wosankhidwawo sukwera kufika pa 5V, umatsika kufika pa 0V, ndipo ena 7 aja ndiwo amakhala pa 5V. Ndiye mukaika mita pa Y5 n'kuona 0V, musaganize kuti IC yafa. Ikugwira ntchito mmene inapangidwira.

Tsono nyali yofiira iyenera kuyaka mzere ukakhala 4, kapena 5, kapena 6. Decoder ikanakhala yotulutsa 1, tikanagwiritsa ntchito geti la OR (geti ndi kaseketi kophatikiza zolowa zingapo n'kutulutsa yankho limodzi, ndipo la OR limapereka 1 cholowa chimodzi chilichonse chikakhala 1). Popeza imatulutsa 0, tikufuna geti limene limapereka 1 pamene cholowa chimodzi chilichonse chatsika pa 0. Limenelo ndi NAND. Geti la NAND limatulutsa 0 pokhapokha zolowa zake zonse zili 1, ndipo chimodzi chikangotsika limatulutsa 1. Lumikizani Y4, Y5 ndi Y6 ku NAND ya zolowa zitatu. Mzere ukakhala 3, miyendo itatuyi yonse ili pa 1, NAND ikutulutsa 0, nyali yazima. Mzere ukakhala 5, Y5 yatsika, NAND yatulutsa 1, nyali yayaka. Ili ndi lamulo la De Morgan likugwira ntchito, ndipo simukufunika kuloweza masamu ake kuti muligwiritse ntchito pano.

Masamu a inde ndi ayi amenewa anawakhazikitsa George Boole, amene anawafotokoza mokwanira mu 1854, mababu a magetsi asanafike n'komwe m'nyumba za anthu. Mu 1937 Claude Shannon, ali wophunzira ku MIT, anasonyeza kuti maseketi a ma relay, ngati a m'makina olumikiza matelefoni, amatsata masamu omwewo. Mu 1953 Maurice Karnaugh wa ku Bell Labs anabweretsa njira yochepetsera chiwerengero cha mageti pojambula mabokosi, imene ophunzira amaitcha K-map. Njira ya Karnaugh ndi yabwino ndipo muiphunzire. Pa tebulo lathu ingakuuzeni, mwachitsanzo, kuti nyali yachikasu imangofuna C ndi B onse akhale 0, A alibe nazo ntchito. Koma chotuluka chilichonse chimafuna K-map yakeyake, ndipo mwini pampu akasintha maganizo pa mzere umodzi mumayambiranso. Ndi decoder, IC imodzi imatumikira zotuluka zonse zinayi.

Chachinayi: zipangizo

Mufunika 74HC138 imodzi ndi 74HC10 imodzi, imene ili ndi mageti atatu a NAND, lililonse la zolowa zitatu. Pogula tchulani nambala yeniyeniyo, chifukwa mukangoti decoder wogulitsa aganiza za ya kanema. Ma IC awiriwa mwina muchita kuitanitsa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo gulani awiriawiri kuti wina akhale wapadera. Zotsalazo okonza mawailesi ndi ma TV amakhala nazo, kapena mungazichotse pa mabodi akale: ma LED atatu, ma resistor atatu a 1k, anayi a 10k, imodzi ya 2.2k, ma capacitor awiri a 100nF, transistor ya BC557, diode ya 1N4007, relay ya 5V, fyuzi, breadboard (bodi ya timabowo yosomekapo zipangizo poyesera) ndi maswichi ang'onoang'ono anayi oyesera.

Onetsetsani kuti pakati pa nambala palembedwa HC. Pali mtundu wakale wa 74LS138 umene miyendo yake ndi yofanana ndendende, koma pa seketi ino sugwira bwino. Chotuluka chake chikakhala 1 chimafika cha m'ma 3.4V basi, zimene sizikwanira kuzimitsa transistor yathu, ndiye pampu ikhoza kumangoyenda. Komanso ma resistor a 10k satha kutsitsa zolowa zake pa 0.

Magetsi a 5V ochokera ku batire la 12V mungawapeze ndi regulator ya 7805. Dziwani kuti mavoti 7 kapena 8 otsalawo imawasandutsa kutentha, ndipo relay ikayaka kutenthako kumapitirira theka la watt. M'kabokosi kotseka, ndi kutentha kwa kuno, imangeni pa kachitsulo ka aluminiyamu. Njira yosavuta ndi chaja ya foni ya m'galimoto, imene imalandira 12V n'kutulutsa 5V popanda kutentha kwambiri. Musayerekeze kupereka 12V ku ma IC a HC, malire awo ndi 6V.

Chachisanu: lumikizani mawaya, magetsi ali ozima

Kuti muwerenge miyendo, goneketsani IC mwakuti kodukira kake kali kumanzere kwanu. Mwendo wa 1 ndi wa m'munsi kumanzere. Werengani kupita kumanja, mukafika kumapeto dumphirani mzere wa m'mwamba n'kubwerera kumanzere.

Pa 74HC138, mwendo wa 16 upite ku 5V, wa 8 ku negetivi. Miyendo ya 4 ndi 5 ipitenso ku negetivi. Wa 6 upite ku 5V kudzera pa swichi, ndipo muike resistor ya 10k kuchoka pamwendopo kupita ku negetivi. Miyendo itatu imeneyi ndi yoloreza IC kugwira ntchito, ndipo kuiwala umodzi wa iyo ndiko kumachititsa kawirikawiri kuti seketi yatsopano ingoti zii. Swichi ya pa mwendo wa 6 ikhala swichi yanu yaikulu: mukaizimitsa, zotuluka zonse zimakwera pa 1, nyali zonse zimazima, pampu imaima.

A ndi mwendo wa 1, B wa 2, C wa 3. Uliwonse ukhale ndi swichi yopita ku 5V ndi resistor ya 10k yopita ku negetivi. Resistor imeneyi ndiyo imapangitsa waya woduka kuwerengedwa 0. Mwendo wolowa wa IC ya HC ukasiyidwa wolendewera umatola chilichonse, ngakhale kungoyandikitsa chala nyali zimayamba kuphethira.

Zotuluka zili motere: Y0 ndi mwendo wa 15, Y1 wa 14, Y2 wa 13, Y3 wa 12, Y4 wa 11, Y5 wa 10, Y6 wa 9. Y7 ili payokha pa mwendo wa 7, moyandikana ndi negetivi.

Pa 74HC10, mwendo wa 14 upite ku 5V, wa 7 ku negetivi. Tsopano tsegulani kope lija n'kumakopera. Geti loyamba ndi la nyali yobiriwira: Y2, Y3 ndi Y7 zipite ku miyendo ya 1, 2 ndi 13, chotuluka chili pa 12. Lachiwiri ndi la yofiira: Y4, Y5 ndi Y6 ku miyendo ya 3, 4 ndi 5, chotuluka pa 6. Lachitatu ndi la yachikasu: Y0 ndi Y1 ku miyendo ya 9 ndi 10, chotuluka pa 8. Mwendo wa 11 watsala wopanda ntchito, ndiye ulumikizeni ku 5V. Mukaupititsa ku negetivi nyali yachikasu iziyaka nthawi zonse.

Pa chotuluka chilichonse ikani resistor ya 1k, kenako mwendo wautali wa LED, wamfupi upite ku negetivi. Apa pamadutsa pafupifupi 3mA, imene IC imapereka mosavutika. Capacitor ya 100nF ikhale pakati pa 5V ndi negetivi, pafupi kwambiri ndi IC iliyonse.

Pampu ili ndi mzere umodzi wokha, ndiye sikufuna geti. Koma relay ya 5V imakoka cha m'ma 70mA, zimene mwendo wa IC sungathe. Mpake pali transistor. BC557 ndi ya mtundu wa PNP, ili ndi miyendo itatu, base, emitter ndi collector, ndipo imayaka base yake ikatsitsidwa, zomwe zikugwirizana ndi mmene Y7 imachitira. Tengani waya wachiwiri pa Y7, adutse pa resistor ya 2.2k kupita ku base. Emitter ipite ku 5V, collector ku mbali imodzi ya koyilo ya relay, mbali ina ya koyiloyo ku negetivi. Diode ya 1N4007 ikhale mopingasa koyilo, mbali ya kamzere koyera ili ku collector. Koyilo ikamazima imabweza magetsi amphamvu kwa kanthawi kochepa, ndipo popanda diode imeneyi transistor sikhalitsa.

Chachisanu ndi chimodzi: yesani mizere yonse 8

Yatsani magetsi, muyambe mwayeza ndi mita kuti pa mwendo wa 16 wa 74HC138 ndi wa 14 wa 74HC10 pali 5V. Gwirani pamwamba pa ma IC. Ikatentha, zimitsani msanga, mwaitembenuza. Kenako yendani mzere ndi mzere kuyambira 0, mukusintha maswichi atatu aja n'kumachonga m'kope. Relay imveke kuti tha pa mzere wa 7 pokha.

Mzere wina ukakana, musayambe kuzula mawaya mwachisawawa. Ikani mita pa mwendo wa Y wa mzere umenewo. Ngati uli pa 0V, decoder ilibe mlandu, vuto lili pakati pa iyo ndi nyali. Ngati suli pa 0V, fufuzani mwendo umene watsika. Mukafuna mzere wa 1 koma watsika ndi Y4, ndiye kuti mwasinthanitsa A ndi C. Ngati palibe umene watsika, bwererani ku miyendo ya 4, 5 ndi 6.

Chachisanu ndi chiwiri: kuchoka patebulo kupita kuthanki ndi kuchitsime

Apa ndi pamene muyenera kukumbukira kuti seketi yathu sikumbukira kanthu. Tiyerekeze kuti m'thanki mwaika kaswichi kamene kamatseka madzi akangotsika pang'ono n'kutseguka akangokwera pang'ono. Munthu akatunga ndowa imodzi, pampu iyaka kwa masekondi ochepa n'kuzima, wina akatunga iyakanso. Kuyaka ndi kuzima kotereku kumatopetsa mota ndiponso kumawotcha relay. Tebulo silingathetse vutoli, chifukwa kuti pampu ipitirize mpaka thanki idzaze pafunika chinthu chokumbukira kuti inayamba kale. Chinthu chokumbukiracho tichipeza mu zida zopimira zomwezo.

M'thanki gwiritsani ntchito float switch ya chingwe, ija yokhala ndi kabokosi koyandama ndi kolemetsa pa chingwe. Imasintha ikapendekera pansi kwambiri ndipo sibwerera mpaka itapendekera m'mwamba kwambiri, ndiye pakati pa poyatsira ndi pozimitsira pamakhala mpata waukulu. Mpatawo mumausintha posuntha kolemetsako. Zambiri zimakhala ndi mawaya atatu. Yezani ndi mita kuti mupeze awiri amene amalumikizana swichi ikalendewera pansi, amenewo ndiwo a C. Ya m'chitsime ikhale mosemphana, ilumikizane ikayandama m'mwamba, ndipo muimange mwakuti imazimitsa madzi akadali pamwamba pa pampu. Mu mjigo float switch yotere silowa chifukwa paipi ndi yopapatiza. Kumeneko pamafunika level relay yokhala ndi timitengo tachitsulo tomizidwa m'madzi, ndipo B mumamutenga pa ma contact ake, kutanthauza mbali yake yogwira ntchito ngati swichi.

Batire ndiye lovuta kwambiri. Pampu ikayaka mavoti a batire amatsika, ikazima amakweranso. Mukapima mavotiwo ndi malire amodzi, seketi iziti batire lafooka, izimitse pampu, mavoti akwere, iyatsenso, osalekeza. Mwamwayi charge controller ya sola ili kale ndi malire awiri. Imadula mbali yolembedwa LOAD batire likatsika, pa ambiri cha m'ma 11V, ndipo siibwezera mpaka litakwera kupitirira 12V. Manambala enieni ali m'kabuku ka controller yanu. Lumikizani koyilo ya ka relay ka 12V ku LOAD, ndipo ma contact ake apereke 5V ku mwendo wa A. Ndikulimbikitsa relay chifukwa ma controller ambiri otchipa amadula mbali ya negetivi, ndiye kulumikiza LOAD mwachindunji ku seketi kumabweretsa chisokonezo. Onaninso kuti LOAD yaikidwa kuti izipereka magetsi usana ndi usiku, chifukwa ena amabwera atatcheredwa kuyatsa nyali za usiku zokha. Seketi yathu itenge magetsi ake kubatire kudzera pa fyuzi, kuti nyali yofiira izitha kuyaka ngakhale controller itadula.

Relay yaing'ono ija isanyamule pampu yokha. Mota ikamayamba kuzungulira imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa amene yalembedwa. Pampu ya 12V, relay yaing'ono iyatse relay ya galimoto ya 30A kapena 40A. Pampu ya 230V, yoyendera magetsi a ESCOM kapena inverter, pafunika contactor, relay yaikulu ya magetsi amphamvu, ndipo mbali imeneyo muitanire wamagetsi wokhala ndi chiphaso. Magetsi a 230V pafupi ndi madzi amapha.

Pali malire amodzi amene mwini pampu ayenera kuuzidwa poyera. Waya wa kuthanki akaduka, C amakhala 0, ndiye chitsime chikakhala ndi madzi nyali iwonetsa yobiriwira ngakhale thanki ikuuma. Pampu ndi yotetezeka, koma nyaliyo ikunama. Mpopi ukauma nyali ili yobiriwira, poyambira kufufuza ndi waya ameneyo. Mawaya aatali onse alowe m'paipi ya pulasitiki asanakwiriridwe, ndipo seketi ikatsimikizika ichotseni pa breadboard muiwotcherere pa bodi yokhazikika, chifukwa chinyontho cha kunyanja chimadyetsa dzimbiri timabowo ta breadboard. Ma IC akhale pa masoketi kuti mphenzi za m'dzinja zikawononga imodzi muzingozula n'kuika ina.

Zinthu zikasintha

Tinene kuti patapita miyezi mwini pampu wagula firiji ndipo tsopano akufuna mzere wa 2 uzionetsa yachikasu. Konzani tebulo kaye. Kenako chotsani waya wa Y2 pa mwendo wa 1 wa 74HC10 n'kumuika pa mwendo wa 11, mutachotsapo waya wa 5V uja, ndipo mwendo wa 1 umene watsala ndiwo upite ku 5V. Mwamaliza. Akafuna belu lolira pa mzere wa 4 ndi 5 pokha, onjezani geti limodzi la 74HC00 pa Y4 ndi Y5, ndi transistor yoyendetsa belulo.

Chotuluka chikakhala ndi mizere inayi ya 1, gwiritsani ntchito 74HC20, ndipo 74HC30 imalandira mpaka 8. Koma musanathamangire geti lalikulu, werengani ma 0. Ngati chotuluka chili 1 pa mizere 6 ndi 0 pa mizere iwiri yokha, tengani miyendo ya Y ya mizere iwiri ya 0 ija n'kuilowetsa mu geti la AND. Zotsatira zake n'zofanana, mawaya ndi ochepa, koma mukazimitsa swichi yaikulu chotuluka chimenechi chimakhala 1.

Funso lachinayi likabwera, monga "Kodi magetsi a ESCOM alipo?", litcheni D ndipo liziwerengedwa 8. Tebulo likhala la mizere 16. Mungagule 74HC154, ya miyendo 24, kapena kugwiritsa ntchito 74HC138 yachiwiri imene munasunga ija. A, B ndi C apite ku ma IC onse awiri. D apite ku mwendo wa 4 wa yoyamba ndi ku mwendo wa 6 wa yachiwiri. Mwendo wa 6 wa yoyamba ukhale pa 5V, wa 4 wa yachiwiri pa negetivi. D akakhala 0 yoyamba imagwira mizere ya 0 mpaka 7, akakhala 1 yachiwiri imatenga ya 8 mpaka 15. Swichi yaikulu isamukire ku miyendo ya 5 ya onse awiri, koma tsopano motembenuza: resistor ya 10k ikokere miyendoyo ku 5V, swichi ikatsekedwa iitsitse ku negetivi, ndipo seketi imagwira ntchito swichiyo ili yotseka.